Kutsimikiza kuti fayilo sinasinthe: sha256sum, RHash, hashdeep, b3sum ndi anzawo

Musanasankhe pulogalamu yowerengera hash, mzere wa zilembo wozindikirira fayilo, yambani mwadziwa funso limene mukufuna kuti liyankhidwe, chifukwa mafunso ake alipo atatu ndipo palibe chida chimodzi chimene chimawayankha onse bwino. Kodi fayilo imene mwatsitsa yafika yathunthu, kapena yaduka panjira? Kodi pali wina amene waisintha mwadala isanakufikeni? Kodi foda imene munasunga chaka chatha ikadali mmene munaisiyira, popanda fayilo yosowa, yowonjezeka kapena yowonongeka? Mapulogalamu amene tikukambirana pano ndi a open source, khodi yawo ili poyera kuti aliyense aiwerenge. Mukawapatsa fayilo imodzi ndi njira imodzi yowerengera, onse amatulutsa hash yofanana ndendende. Amasiyana pa zimene amachita nayo hashiyo ikatuluka.

Njira yowerengera isankhidwe poyamba

Hash ili ngati chidindo cha chala cha fayilo. Pulogalamu imawerenga baiti iliyonse n'kutulutsa mzere wa zilembo wa utali wokhazikika, ndipo baiti imodzi ikasintha, mzere wonsewo umasintha. Dzina la fayilo, tsiku limene inalembedwa ndiponso zilolezo zake sizilowa m'kuwerengako.

Utali wa mzere umathandiza kuzindikira njira imene inagwiritsidwa ntchito. CRC32 imakhala ndi zilembo 8, MD5 ili ndi 32, SHA-1 ili ndi 40, SHA-256 ili ndi 64, pomwe SHA-512 ili ndi 128. Koma musadalire utali wokha. BLAKE3 ndi SHA3-256 nazonso zimatulutsa zilembo 64, ndipo b2sum imatulutsa 128 monga SHA-512. Hash ikakana kufanana, onani kaye ngati mwagwiritsa ntchito njira imene mwini fayilo anatchula, musanayambe kutsitsanso.

MD5 ya Ronald Rivest inafalitsidwa mu 1992. Mu 2004 Xiaoyun Wang ndi anzake anaonetsa kuti n'zotheka kupanga mafayilo awiri osiyana okhala ndi MD5 imodzi, ndipo mu 2012 zinadziwika kuti pulogalamu yaukazitape ya Flame inagwiritsa ntchito chofooka chimenechi kupanga satifiketi yabodza yooneka ngati ya Microsoft. SHA-1 inagwa mu February 2017, pamene bungwe lofufuza la CWI la ku Amsterdam ndi Google anatulutsa ma PDF awiri osiyana okhala ndi SHA-1 yofanana. Bungwe loona za miyezo la NIST la ku United States linalengeza kuti SHA-1 isiyidwe pofika pa 31 December 2030. Njira ziwirizi zikadali zokwanira kugwira fayilo imene yaonongeka mwangozi, choncho ngati mwini fayilo wapereka MD5 yokha, igwiritseni ntchito m'malo mongokhala osaona kalikonse. Koma pa mndandanda watsopano umene mukupanga nokha, palibe chifukwa chozisankhira. SHA-256 imapezeka pa makina alionse ndipo palibe amene wapeza njira yoipusitsira.

Zida za GNU coreutils

Pafupifupi pa Linux iliyonse mumapeza md5sum, sha1sum, sha256sum, sha512sum ndi b2sum zili kale. Pa fayilo imodzi kapena zochepa, yambirani pano. Kuti mupange mndandanda wa ma hash a ma ISO (mafayilo okhala ndi chithunzi cha diski yonse) n'kuutsimikiza pambuyo pake:

`sha256sum *.iso > SHA256SUMS`

`sha256sum -c SHA256SUMS`

Mzere uliwonse wa mndandandawu umakhala ndi hash, mipata iwiri, kenako dzina la fayilo. Mndandanda wina umakhala ndi mpata umodzi ndi nyenyezi kutsogolo kwa dzina, kusonyeza kuti fayilo inawerengedwa monga binary. Pa Linux zotsatira zake n'zofanana. Ngati mwangokopera hash imodzi pa tsamba la intaneti, musaiyerekeze ndi maso. Munthu amayang'ana zilembo zinayi zoyamba ndi zinayi zomaliza n'kukhutira, zapakati 56 osaziona. Ipatseni kompyuta ntchitoyo, n'kuika hash yanu pa HASH ndi dzina la fayilo yanu pa dzina.iso:

`echo "HASH  dzina.iso" | sha256sum -c`

Pali zosankha zingapo zofunika kuzidziwa. `--ignore-missing` imadumpha mafayilo amene ali pamndandanda koma inu simunawatsitse, zimene zimathandiza pamene mndandanda uli ndi ma ISO khumi inu mwatenga imodzi. Ikapanda kupeza ngakhale fayilo imodzi imanena kuti palibe chimene chatsimikizidwa, ndipo uthengawo muuwerenge, chifukwa nthawi zambiri umatanthauza kuti dzina la fayilo lasintha potsitsa. `--quiet` imaonetsa zolephera zokha. `--status` silemba kanthu, imangobweza 0 zonse zikakhala bwino, zomwe zimayenera mu sikiripiti. `--strict` imachititsa kuti mzere wolembedwa molakwika uwerengedwe ngati kulephera, ndipo mu sikiripiti iliyonse yofunika tikukulangizani kuiika, chifukwa popanda iyo mzere woonongeka umangodumphidwa ndi chenjezo chabe.

Kuyambira pa coreutils 9.0 ya mu 2021, cksum inalandira `-a`, moti `cksum -a sha256` imagwira ntchito ya sha256sum n'kulembanso dzina la njira pa mzere uliwonse. Kenako `cksum -c` imadziwa yokha njira yoti igwiritse ntchito. Ubwino wake umaoneka pakapita zaka, pamene palibe akukumbukira ngati zilembo 128 zija ndi SHA-512 kapena BLAKE2. Dziwani kuti cksum yopanda `-a` imatulutsa CRC ya POSIX, imene sifanana ndi CRC32 ya m'mafayilo a zip ndi SFV.

Zofooka za coreutils ndi ziwiri. Choyamba, sizilowa zokha m'mafoda a mkati, ndiye muyenera kuzithandiza ndi find:

`find . -type f -print0 | sort -z | xargs -0 sha256sum > ../mndandanda.sha256`

`-print0` ndi `-0` zimateteza mayina okhala ndi mipata, ndipo madontho awiri aja amaika mndandanda kunja kwa foda. Mukauika mkati, find iupeza ndi kuuwerengera hash usanathe kulembedwa, ndiye nthawi zonse mzere umodzi uzilephera. Potsimikiza, lowani mu foda yomweyo imene munali popanga, chifukwa mayina onse akuyambira pamenepo. Chofooka chachiwiri n'chachikulu: `-c` imangoona zimene zili pamndandanda. Wina akaonjezera fayilo yatsopano mu foda, sha256sum inena kuti zonse zili bwino.

Pa macOS pali shasum, pulogalamu ya Perl yomwe imamva mndandanda womwewu: `shasum -a 256 -c SHA256SUMS`. Mukaiwala `-a 256` powerengera, ikupatsani SHA-1. OpenSSL nayo imawerengera ndi `openssl dgst -sha256`, ndipo `-r` imaichititsa kulemba mofanana ndi coreutils, koma ilibe njira yotsimikizira mndandanda. Imathandiza pa makina amene alibe china chilichonse kapena pamene mukufuna SHA-3.

Mafoda akuluakulu: hashdeep ndi RHash

Funso lachitatu lija, la foda yosungidwa, ndi limene hashdeep inapangidwira. Anailemba ndi Jesse Kornblum, pamodzi ndi md5deep, pa ntchito yofufuza umboni wa m'makompyuta, ndipo zimenezi zimaonekera pa mmene imaperekera lipoti. Poyamba mumapanga mndandanda:

`hashdeep -c sha256 -r -l zithunzi > zithunzi.hashdeep`

Tsiku lina mumafufuza:

`hashdeep -c sha256 -a -vv -r -l -k zithunzi.hashdeep zithunzi`

`-a` ndiyo imayambitsa kafukufukuyo. Imagawa mafayilo m'magulu: ofanana, osunthidwa kapena osinthidwa dzina, atsopano, ndi odziwika amene sanapezeke. Popanda `-v` imangonena kuti kafukufuku wapambana kapena walephera, `-v` imodzi imapereka chiwerengero cha gulu lililonse, ndipo ziwiri zimatchula fayilo iliyonse ya vuto. Fayilo imene mkati mwake mwasintha imaoneka kawiri, ngati yatsopano yosadziwika komanso ngati yakale yosowa, choncho musadabwe chiwerengero chikachuluka kuposa mmene mumayembekezera. Musaiwale `-l`. Popanda iyo mndandanda umasunga njira yonse kuyambira pa muzu wa diski, ndiye mukalumikiza diskiyo pa kompyuta ina, fayilo iliyonse ioneka ngati yasunthidwa. Kuipa kwa hashdeep n'koti 4.4 inatuluka mu 2014 ndipo chitukuko chake chinazilala, moti ilibe SHA-3 kapena BLAKE. Mndandanda wakenso uli ndi kalembedwe kakekake, ndi kukula kwa fayilo pa mzere uliwonse, ndipo sha256sum singauwerenge. Ngakhale zili choncho, pa kuzindikira mafayilo osunthidwa ikadali patsogolo pa zinzake zonse zimene tatchula pano.

RHash ndi ya munthu amene amakumana ndi mitundu yambiri ya ma hash. Imadziwa CRC32, MD5, SHA-1, SHA-2, SHA-3, BLAKE2, Tiger Tree, ED2K, Whirlpool, GOST ndi ina, imapanga ma magnet link, ndipo imawerenga fayilo kamodzi kokha n'kutulutsa ma hash angapo nthawi yomweyo. Pa fayilo ya magigabaiti 50 imene mukufuna kuifalitsa ndi SHA-256 komanso SHA-512, zimenezi zikutanthauza kuti diski iwerengedwa ulendo umodzi m'malo mwa iwiri. Imalowa yokha m'mafoda ndi `-r`, imatsimikiza ndi `-c`, ndipo `--update` imaonjezera pamndandanda mafayilo atsopano okha popanda kuwerenganso akale. Pa foda imene imakula mlungu uliwonse, ichi chokha n'chokwanira kuisankhira. Mukailamula `rhash --sha256`, imalemba mndandanda umene sha256sum imauwerenga, ndiye simumangika kwa iyo. Mukapanda kutchula njira imatulutsa CRC32 m'kalembedwe ka SFV, kamene kamangogwira zoonongeka mwangozi.

Liwiro: b3sum ndi xxhsum

BLAKE3 inalengezedwa mu January 2020 ndi Jack O'Connor, Jean-Philippe Aumasson, Samuel Neves ndi Zooko Wilcox-O'Hearn. Imadula fayilo m'zidutswa za mabaiti 1024 n'kuzilumikiza ngati nthambi za mtengo, motero ma core onse a purosesa amagwira ntchito pa fayilo imodzi nthawi imodzi. SHA-256 singachite zimenezi, chifukwa chidutswa chilichonse chimadikira chinzake cham'mbuyo. Pulogalamu ya b3sum, yolembedwa mu Rust, ili ndi `--check` yogwira ntchito monga `-c` ya coreutils, ndipo nayo imafuna find kuti ilowe m'mafoda.

Liwiroli mumaliona pokhapokha diski ikamatha kupereka deta msanga. Pa diski yothamanga ya NVMe kusiyana kwake n'koonekeratu. Pa diski yozungulira kapena fulashi, chochedwetsa ndi diskiyo, ndipo b3sum ikamawerenga malo angapo nthawi imodzi mutu wa diski umangodumphadumpha, ntchito n'kuchedwa kuposa kale. Zikatero ikani `--no-mmap` kapena `--num-threads 1`. Kumbukiraninso kuti mapurosesa ambiri atsopano, monga AMD Zen kuyambira 2017 ndi a ARMv8 ambiri, ali ndi malangizo apadera a SHA-256 amene amaithamangitsa kwambiri, malinga pulogalamu yanu inamangidwa kuti iwagwiritse ntchito. Pa purosesa ya 64-bit yopanda malangizowa, SHA-512 kawirikawiri imathamanga kuposa SHA-256. Yesani pa makina anu ndi `time` musanasamutse mndandanda wonse.

xxhsum ya Yann Collet ili m'gulu lina. Imathamanga kwambiri, ndipo rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, inayamba kugwiritsa ntchito xxHash kuyambira pa 3.2.0 mu 2020, koma sinapangidwe kuti ilimbane ndi munthu wofuna kupusitsa. Poyerekeza makope awiri a mavidiyo anu omwe, `xxhsum -H2` ndi yabwino, imatulutsa hash ya ma bit 128. Pa fayilo yochokera kwa munthu wina, isiyeni.

Pa Windows ndi kwa osafuna kulemba malamulo

Ngati muli ndi 7-Zip, muli kale ndi chida. Mukadina fayilo ndi batani lakumanja mupeza CRC SHA, ndipo pa mzere wa malamulo ndi `7z h -scrcSHA256 dzina.iso`. OpenHashTab imaika tsamba la ma hash mu Properties ya fayilo, n'kukulolani kumata hash imene mukuyembekezera kuti iyerekeze yokha. Pa Linux ntchito yomweyi imachitidwa ndi GtkHash, ndipo Dolphin ya KDE ili ndi tsamba la Checksums. QuickHash GUI imagwira pa Windows, Linux ndi macOS, ndipo imatha kuyerekeza mafoda awiri. Posankha pakati pa zimenezi, chofunika n'chakuti pakhale bokosi lomatamo hash.

PowerShell 7 ndi ya open source, pomwe Windows PowerShell 5.1 ndi certutil si choncho. Get-FileHash imagwiritsa ntchito SHA-256 ngati simunatchule ina, ndipo imalemba zilembo zazikulu. Zazikulu ndi zazing'ono n'chimodzimodzi pa hash, ndipo `-eq` sisiyanitsa:

`(Get-FileHash .\dzina.iso).Hash -eq "HASH"`

Vuto limabwera mndandanda ukamayenda pakati pa Windows ndi Linux. Windows PowerShell 5.1 ikalemba fayilo ndi `>` imagwiritsa ntchito UTF-16, ndipo sha256sum imakana kuti sikupezamo mzere wolembedwa bwino ngakhale umodzi. Usintheni kukhala UTF-8 ndi iconv. Mizere yothera ndi CRLF imasokonezanso coreutils yakale kuposa 9.0, chifukwa chilembo chosaonekacho chimamatirira ku dzina la fayilo, ndiye pulogalamu imati fayilo kulibe inu mukuiona. dos2unix imakonza zimenezi.

Pamene hash yokha siikwanira

Pa 20 February 2016 tsamba la Linux Mint linathyoledwa, ndipo ulalo wotsitsira unalozetsedwa ku ISO ya 17.3 Cinnamon yoikidwamo khomo lobisika. Munthu amene angathe kusintha ulalo pa tsamba angathenso kusintha hash yolembedwa pa tsamba lomwelo. Ndiye hash ikachokera kumene fayilo yachokera, imangokuuzani kuti mwalandira bwino zimene seva inatumiza. Funso lachiwiri lija, loti kodi wina wasintha fayilo mwadala, limayankhidwa ndi siginecha, umboni umene mwini fayilo amapanga ndi kiyi wake wachinsinsi.

Ubuntu imapereka SHA256SUMS ndi SHA256SUMS.gpg, Debian imapereka SHA512SUMS ndi SHA512SUMS.sign. Yambani ndi siginecha, hash ibwere pambuyo:

`gpg --keyid-format long --verify SHA256SUMS.gpg SHA256SUMS`

`sha256sum -c --ignore-missing SHA256SUMS`

Ulendo woyamba GnuPG, pulogalamu ya lamulo la gpg, idandaula kuti ilibe kiyi. Mukamutenga kiyiyo, yerekezani chidindo chake chonse cha zilembo 40 ndi chimene chalembedwa pamalo ena odalirika, osati pa tsamba lomwe munatsitsira lokha. Dzina la kiyi lalifupi la zilembo 8 n'losavuta kulipanga labodza. Mukaona "Good signature" pamodzi ndi chenjezo loti kiyi sanatsimikizidwe, tanthauzo lake n'lakuti siginecha ikugwirizana ndi kiyiyo, koma GnuPG sikudziwa ngati kiyiyo ndi wa munthu amene mukumuganizira. Kuona chidindo ndi ntchito yanu, ndipo mukaidumpha, zonse zam'mbuyozi zilibe phindu, chifukwa wakuba angasaine ndi kiyi wakewake.

Fedora imaika siginecha mkati mwa fayilo ya CHECKSUM momwemo. Pa mtundu umenewu, mizere imene ili kunja kwa chigawo chosainidwa sitetezedwa, koma sha256sum iiwerengabe. Tulutsani chigawo chosainidwa chokha ndi `gpg --output zosainidwa.txt --decrypt` kutsatiridwa ndi dzina la fayilo ya CHECKSUM, kenako mutsimikize ndi chimenecho.

Kwa amene akufalitsa mafayilo akeake, GnuPG ndi katundu wolemera. signify ya OpenBSD, imene Ted Unangst analemba ndipo inatuluka mu 2014, ndi minisign ya Frank Denis zimagwiritsa ntchito njira yosainira ya Ed25519, ndipo kiyi wapoyera ndi mzere umodzi wa zilembo 56 umene mungausindikize paliponse. `minisign -Vm dzina.tar.gz -P KIYI` imatsimikiza fayilo, ndipo `signify -C` imaona siginecha ndi ma hash pa ulendo umodzi. Sankhani GnuPG ngati olandira anu ali nayo kale kapena mukufuna makiyi okhala ndi tsiku lothera ndi njira yowaletsera. Kupanda apo, minisign ili ndi malo ochepa olakwitsira.

Zotsatira zikakhala zachilendo

SHA-256 ikayamba ndi e3b0c442, kapena MD5 ndi d41d8cd9, ndiye kuti mwawerengera fayilo yopanda kanthu. Kutsitsa kunalephera pachiyambi pomwe. Fayilo ikakhala ya makilobaiti ochepa pamene mumayembekezera magigabaiti, itseguleni, nthawi zambiri mupeza kuti ndi tsamba la HTML lonena za vuto. Powerengera hash ya mawu, echo imaonjezera mzere watsopano kumapeto, ndiye gwiritsani ntchito printf.

Mafayilo a tar ndi zip opangidwa kawiri kuchokera ku foda imodzi kawirikawiri safanana hash, chifukwa amasunga nthawi, dongosolo la mafayilo ndi mmene anapanikizidwira. Pa 30 January 2023 GitHub inasintha njira yopanikizira mafayilo a tar.gz amene imapanga yokha, ndipo ma hash amene mapulojekiti ambiri anasunga anasiya kufanana ngakhale khodi ya mkati inali yomweyo, mpaka kusinthako kunabwezedwa. Ngati mukufalitsa, pangani fayiloyo kamodzi, muikweze, muwerengere hash ya imeneyo.

Mukalemba ISO pa fulashi, `sha256sum /dev/sdX` (sdX ndi dzina la fulashiyo pa Linux) sifanana ndi hash ya ISO, popeza fulashi ndi yaikulu kuposa chithunzicho. Werengani mabaiti olingana ndi ISO okha, ndipo muchite zimenezi fulashiyo isanagwiritsidwe ntchito kuyatsira kompyuta, chifukwa makina ena amalembamo:

`head -c $(stat -c %s dzina.iso) /dev/sdX | sha256sum`

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale odziwa. Mukangomaliza kukopera n'kutsimikiza nthawi yomweyo, kompyuta ikhoza kuwerenga kope limene likadali mu RAM, osati limene lili pa diski. Zotsatira zituluka zabwino pamene fulashi yabodza kapena yotha sinasunge bwino. Chotsani chipangizocho mwadongosolo n'kuchilumikizanso, kapena pa Linux lamulani `sync` kenako mulembe 3 mu /proc/sys/vm/drop_caches muli root, ndiye mutsimikize. Ndipo hash ya fayilo imodzi ikamasintha ulendo uliwonse mukaiwerengera, musaimbe mlandu pulogalamu. Yesani RAM ndi memtest86+, onani chingwe, ndipo muone thanzi la diski ndi smartctl.

Palibe chida pa zonsezi chimene chimakonza fayilo yoonongeka. Pa zinthu zosunga zaka zambiri, onjezerani par2cmdline: `par2 create -r10` imapanga mafayilo othandizira olingana ndi 10 peresenti ya deta yanu, ndipo `par2 repair` imabwezeretsa zidutswa zoonongeka malinga sizinapitirire mlingo umenewo. ZFS ndi Btrfs, njira zosungira mafayilo pa diski, zimasunga checksum ya buloko iliyonse n'kuiona mukalamula scrub, koma zimakonza pokhapokha pali kope lachiwiri la detayo, ndipo chitetezo chawo chimathera pa diskiyo. Fayilo ikakoperedwa kupita kwina, mndandanda wa SHA-256 upite nayo, ndipo kope lina la mndandandawo likhale pa chipangizo chosiyana ndi chimene mukuchiyang'anira.